Mphindi Zamdima pa Tepi ya Zumu

A Makiyi anafa tsiku la phwando lawo lomwe. Anali atagwira ntchito zaka makumi atatu pa kampani yopala mipando, akusunga makiyi a nyumba ya matabwa mpaka anthu anaiwala dzina lawo lenileni, ndipo Loweruka limenelo abwana anawakonzera phwando lotsanzikana nawo. Cha m'ma 3 koloko masana, nyimbo zili pakati, anawapeza ali chafufumimba kuseri kwa mulu wa matabwa, mutu utaphwanyidwa ndi chitsulo. Pomwe dzuwa linkalowa n'kuti dalaivala wa kampaniyo ali kale m'chitolokosi, malaya ake ali magazi okhaokha.

Fayilo ya mlanduwo inafika m'manja mwa Sajeni Lolemba m'mawa. Sajeni anali mayi wamtali, wosakonda zolankhulalankhula, amene anali ataona milandu yambiri ikutsekedwa chifukwa choti anthu atopa nayo, osati chifukwa choti choona chapezeka.

"Uwu wapsa kale, kwangotsala kupakula," anatero a Inspekita, akuluakulu ake pantchito, akumukankhira fayiloyo osadzutsa n'komwe mutu. "M'mawa dalaivalayu anakangana ndi malemu, anthu anamva. Masana magazi pamalaya. Mukufunanso chiyani, mngelo atsike? Lachitatu m'mawa akwera galimoto ya ku rimandi, kundende yodikirira mlandu."

Atatuluka mu ofesimo, Sajeni anangomva dzanja lamugwira pamkono. Anali mayi wochepa thupi amene anakhala pa benchi ya panja kuyambira m'bandakucha, maso atatupa.

"Amayi, ndine mkazi wa dalaivala uja. Ndimvereni pang'ono chabe. Mwamuna wanga ndi wolongolola, inde, pakamwa pake m'pamoto, zimenezo sindikana. Koma munthu ameneyu ngakhale nkhuku amandisiyira ine kuti ndiphe. Magazi aja ndi oti anawanyamula a Makiyi. Ena onse anangoima n'kumayang'ana, iye ndiye anagwada n'kuwatukula."

"Nthawi imene a Makiyi ankaphedwa, amuna anu anali kuti?"

"Ankavina! Ankavina, amayi, kuvina kwake koipa kuja kongodumphadumpha ngati waponda moto. Ine manyazi anandigwira mpaka ndinabisa nkhope. Anthu onse anamuona, koma lero aliyense akuti sanayang'ane nthawi. Pitani kwa Zumu, wojambula uja. Kamera yake inali pa iye. Kamera siopa munthu."

Sajeni analemba dzinalo m'kabuku kake. Sanalonjeze kanthu. Anali ataphunzira kalekale kuti lonjezo la papolisi limapweteka kuposa kukana.

Anayambira kukampani. Kukhitchini, kumene zenera lake linkayang'ana njira yopita ku nyumba ya matabwa, anapeza mayi wophika akukwecha mapoto ngati alakwirana nawo.

"Ine maso anga anali pa mapoto, bwana, mapoto basi. Anthu zana limodzi, ophika ndili ndekha, mwati ndikanayang'ananso kunja? Chabwino, ndinasuzumira kamodzi, potaya madzi. Ndinangoona misana iwiri ikukhota pakona paja. Wina anali a Makiyi, mayendedwe awo otsimphina aja sungawasokoneze. Winayo jekete lakuda. Koma tsiku lija ndani sanavale jekete lakuda?"

"Dalaivala anavala?"

"Uja? Analivula nyimbo yoyamba yomwe, n'kumalizunguza m'mwamba ngati mbendera, mpaka linagwera m'mbale ya..."

Mayiyo anadukiza. Anayang'ana kukhomo, kenako kabuku ka Sajeni.

"Zimenezo musalembe. Ndangoyankhula ngati wamisala. Ine ndili ndi ana anayi, ndipo pano amene amati uyu agwire ntchito, uyu apite, ndi a kapitawo. A kapitawo ndi mwana wa mlongo wawo wa abwana. Mwandimva? Ine ndinaona mapoto."

Ogwira ntchito ena asanu ndi mmodzi amene Sajeni anawafunsa anayankha ngati anaphunzitsidwa m'kalasi imodzi. Inde, dalaivala anavinako. Ayi, nthawi yake sakuikumbuka.

Zumu anamupeza pakhonde la nyumba yake akupukuta kamera ndi kansalu. Anali bambo wa imvi za apo ndi apo, amene anapata dzinalo chifukwa pa ukwati uliwonse ankangokhalira kuuza anthu kuti, "Imani pomwepo ndikuzumeni." M'nyumba munkamveka makina osokera, ndipo khanda linkalira mosalekeza.

"Kamdzukulu," anatero Zumu akuseka, ngakhale Sajeni sanafunse. "Mwana wanga wamkazi wabwera kudzakhala nafe masiku ochepa. Tepi mukuifuna? Ilipo, bwana Sajeni, ilipo, palibe chobisa. Koma ndikuchenjezeni, kamera yangayi ndi ya makedzana, ya timatepi. Kuti muione bwino mpaka isamutsidwe ipite mu kompyuta. Tauni yonse ino amene ali ndi kompyuta yolola waya wake ndi mlongo wanga yekha. Ndiye amene amandidulira ndi kulumikiza makanema anga onse."

"Mwaionerako tepiyi chichokereni kuphwando?"

"Ayi! Ndi imfa imene ija? Mtima sunandilole. Chiitsekereni Loweruka sindinaikhudzenso."

Anatulutsa tepiyo, kanthu kakang'ono ngati bokosi la machesi, n'kuipereka pamodzi ndi kamera. Sajeni anali atalanda zinthu zambiri kwa anthu pa moyo wake, ndipo ankadziwa kuti munthu wosalakwa amafunsa kuti katundu wake abwerera liti. Zumu sanafunse. Koma chogwirira cha kamerayo chinali chonyowa ndi thukuta.

Lachiwiri m'mawa Sajeni anafika pa kachipinda ka mlongo wa Zumu, kuseri kwa malo ometera tsitsi. Munali mothina: tebulo limodzi, mipando iwiri, kompyuta yakale yolira ngati firiji, ndi mashelufu odzaza timatepi tolembedwa pamsana kuti ukwati wa akuti, ubatizo wa mwana wa akuti. Mwini wake anali mayi wa magalasi, wolankhula pang'onopang'ono ngati mphunzitsi wa ana aang'ono.

"Mukhale pansi, amayi, izi sizithamangitsidwa," anatero akulowetsa tepi mu kamera. Anatenga waya wakuda, mbali ina analowetsa mu kamera, ina kuseri kwa kompyuta, n'kubweza tepiyo kufikira poyambira. "Tepi si fulashi yoti mungokoka fayilo n'kuponya uko. Imayenda ndi mapazi ake. Ngati anajambula ola limodzi, ifenso tikhala pano ola limodzi, kompyuta ikumeza chithunzi chimodzichimodzi. Ndipo musagunde tebulo. Waya ukangogwedera, zithunzi zimadumpha, tiyambirenso."

Anadina, kamera inayamba kung'ung'udza, ndipo phwando la Loweruka linadzuka pa galasi la kompyuta. Pakona pansi pankaoneka tsiku ndi nthawi.

Anthu ankalowa, kupatsana moni, kukhala m'mipando. Kenako a Makiyi anaimirira, atavala suti yowakulira m'mapewa, akuwerenga mawu othokoza pa kapepala. Atamaliza anapinda kapepalako, natembenukira kwa abwana.

"Abwana, ndisanatule makiyi Lolemba, ndili ndi kamawu ka inu nokha. Pa zaka makumi atatu ndaphunzira chinthu chimodzi: matabwa alibe miyendo. Akamachoka okha usiku, ndiye kuti wina wawabwereka yake."

Holo yonse inafa ndi phwete. Kamera inayenda pang'onopang'ono pa nkhope za anthu oseka, n'kudutsa pa mwamuna wina wa jekete lakuda, wakhala chete, botolo lili m'manja, osaseka ngakhale pang'ono.

"Uyo ndani?" anafunsa Sajeni.

"A kapitawo. Ndi mkamwini wathu ameneyo, anakwatira mwana woyamba wa achimwene," anayankha mayiyo mosaganizira kanthu, maso ali pa manambala.

Sajeni analemba zimenezo m'kabuku kake.

Nyimbo zinayamba. Dalaivala anatulukira pakati pa bwalo, malaya oyera, jekete likuzungulira m'mwamba, akudumpha monga mkazi wake ananenera. Nthawi pakona inkati 2:47. Sajeni anasendeza mpando. Dokotala anali atalemba kuti a Makiyi anamenyedwa cha m'ma 3 koloko. Pankangofunika kuti munthu uyu apitirize kudumpha kwa mphindi makumi awiri.

Kenako galasi linada bii.

"Waya?" anafunsa Sajeni.

"Ayi, waya ali bwino. Onani, tepi ikuyenda." Mayiyo anakweza magalasi ake. "Mwina achimwene ankasintha batire. Koma ayi, posintha batire kamera imazima, sipakhala mdima wautali chonchi. Tidikire ithe."

Anadikira. Mdimawo unatenga mphindi makumi awiri ndi ziwiri. Chithunzi chitabwerera, nthawi inkati 3:09, kamera ikugwedezeka, anthu akuthamangira panja, amayi akukuwa. Posakhalitsa tepi inatha.

"Tsopano tione zidutswa," anatero mayiyo. "Kompyutayi ikamalandira kanema imamudula yokha. Paliponse pamene kamera inaimitsidwa n'kuyambanso, imayika chidutswa chake, tsiku lake ndi nthawi yake. Zimandithandiza podula."

Anatsegula mndandanda, nayendetsa chala pa galasi. Loweruka. Loweruka. Loweruka. Chala chinaima.

"Ichi chakudachi si cha Loweruka. Ndi cha Lamlungu, 6:40 m'mawa."

"Kutanthauza kuti chiyani?"

"Kutanthauza kuti wina anabweza tepi kufika pamenepa, anatseka diso la kamera ndi chivindikiro, n'kujambula mdima pamwamba pa zimene zinalipo." Mawu ake anali atayamba kuchepa. "Munthu wodziwa kamera."

"Zimene zinalipozo zingabwezedwe?"

"Amayi, pa tepi chatsopano chimadya chakale. Ngakhale mutapita nayo kutsidya kwa nyanja, palibe angachidzutse." Kenako, mwina chifukwa manja anazolowera ntchito kuposa mmene mtima unkafunira, analoza kamzere kobiriwira pansi pa chidutswa chakudacho. "Koma chivindikiro chimatseka diso lokha. Khutu la kamera limakhala likumva. Onani, apa pali mawu."

Anavala mahedifoni, nakweza mawuwo. Sajeni ankamuyang'ana nkhope. Anaona dzanja likupita pakamwa. Mayiyo anavula mahedifoniwo pang'onopang'ono n'kuwaika pa tebulo ngati akutentha.

"Mulibe kanthu," anatero. "Mphepo chabe."

Sajeni anawatola n'kuvala yekha. Poyamba anamva kupuma kwa munthu, kolemera, pafupi kwambiri ndi kamera. Chapatali khanda linkalira. Chitseko chinalira, mapazi anayandikira, ndipo mawu a mtsikana ananong'ona:

"Adadi, mwamaliza? Yonse ichoke, chonde. Pamene akuonekapo ponse."

"Pita ukagone, mwanawe," anayankha mawu a Zumu. "Ikuchoka."

Sajeni anavula mahedifoni. "Mawu a mtsikanawo ndi a ndani?"

Mayiyo ankayang'ana mashelufu ake. Misozi inkatsika pansi pa magalasi, koma mawu ake anatuluka owuma.

"Kanemayo ndikuikirani pa fulashi, ndi ntchito yanga, sindikubisirani. Koma mawuwo sindikuwadziwa. Mukandiitana kukhoti ndikanena zomwezi. Mwana ameneyo ndinamulera ndine mayi ake atadwala. Sindikuwadziwa mawuwo."

Masana omwewo Sajeni anabwerera kwa Zumu. Sanakhale pampando umene anamupatsa. Anangomuuza tsiku ndi nthawi ya chidutswa chija, n'kubwereza mawu a mtsikanayo monga anawamvera. Zumu anakhala pansi pa sitepe ya khonde. M'nyumba makina osokera analeka kulira.

"Tsekani kabukuko, bwana Sajeni," anatero. "Mukatseka ndilankhula. Mukatsegula ndine wosalankhula chibadwire."

Sajeni anatseka.

"Zaka makumi awiri ndikujambula, sindinaiwalepo kuti kamera ili ndi khutu. Tsiku limenelo ndinaiwala." Anaseka kuseka kopanda mano. "Ndinali pakhomo la holo, ndikujambula ovina. Kuseri kwawo kuli zenera lalikulu lija. Ine sindinaone kanthu, diso langa linali pa dalaivala. Lamlungu m'mawa ndinati ndione ngati zithunzi zinatuluka bwino, mwana wanga ali pambali panga akuyamwitsa. Ndi iye anayamba kuona. Pazenera paja, anthu awiri akupita ku matabwa. Patapita nthawi, mmodzi akubwerera yekha, akupukuta manja."

"Mkamwini wanu."

"Sindinatchule munthu."

"Nanga dalaivala?"

Zumu anagwetsa mutu. "Analimo. Kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Sanachoke pabwalo ngakhale kukamwa madzi."

"Ndiye mukanene zimenezo kukhoti. Zokhazo. Munthu uja apita ku rimandi mawa. Mukudziwa kuti kumeneko munthu amatha zaka zisanu mlandu wake usanayambe n'komwe? Ali ndi mkazi, ali ndi ana."

"Ndikanena kuti ndinamuona pa tepi, adzandifunsa kuti ndinafufutiranji. Ndikayankha chiyani?" Anakweza maso, ofiira. "Mwana wanga anandigwadira, bwana. Anandigwira miyendo, khanda lili kumsana. Anati, adadi, mukufuna mwana uyu akule akuloza ndende kuti ndi kwa bambo ake? Inu mukanatani? Khoswe wakhala pa mkhate. Ndimuphe bwanji osaswa mkhate wanga?"

"Mwaswa wa mnzanu."

"Ndikudziwa. Kuyambira Lamlungu sindinaone tulo." Anatambasula manja onse awiri. "Ndimangeni ine. Lembani kuti ndinafufuta mwangozi, ndine nkhalamba, manja amanjenjemera. Zimenezo ndisayina. Zinazo ndifa nazo."

Sajeni anayang'ana pazenera la nyumbayo. Katani inagwedezeka, ndipo nkhope ya mtsikana inabwerera msanga mumdima. Sajeni anagogoda, anaitana katatu. Chitseko chinali chokhoma, ndipo palibe anayankha.

A Inspekita anamvetsera mawu a pa fulashi kawiri, atatsamira mpando, maso ali kudenga.

"Mtsikana akufunsa bambo ake ngati amaliza. Amaliza chiyani? Tiyi? Ndani akuonekapo? Pati? Sajeni, loya wa chaka choyamba angatiseke ndi zimenezi."

"Bwana, wophika anaona jekete lakuda. Dalaivala anali atavula lake. Malemu ananena pagulu kuti akaulula wakuba matabwa. Tepi yafufutidwa m'nyumba ya apongozi ake a kapitawo. Ndipatseni sabata imodzi yokha, ndimuitane kapitawoyo."

"Wophikayo wasayina?"

"Ayi."

"Wojambulayo?"

"Akuti anafufuta mwangozi."

A Inspekita anatsegula kabati, natulutsa pepala. "Iyi ndi sitetimenti ya mwini kampani, yabwera masana ano. Akuti kuyambira hafu pasiti 2 mpaka 3 koloko itadutsa anamutuma kapitawo kukagula zakumwa. Wasayina, wadinda ndi chidindo. Inu muli ndi mdima ndi kulira kwa khanda. Ine ndili ndi magazi pamalaya ndi anthu asanu amene anamva mkangano." Anazula fulashiyo n'kuiponya mu fayilo. "Ikani momwemo, woweruza akaione yekha tsiku limene mlandu udzalowe. Mawa muli ndi nkhani ya njinga zobedwa ija."

Lachitatu m'mawa galimoto ya ku rimandi inaima kuseri kwa polisi, injini ikulira. Akaidi ankatuluka awiriawiri, unyolo umodzi pa manja awiri. Dalaivala atamuona Sajeni nkhope yake inawala.

"Amayi! Akuti munapita kwa Zumu. Mwandiona pa kanema?"

"Ndakuonani."

"Ndiye? Ndituluka liti?"

Sajeni ankafuna kunena kuti tikuyesetsa, monga amanenera apolisi onse. Koma anamuuza zoona.

"Pamene pakanakupulumutsani anafufutapo. Palibe chatsala."

Dalaivala anamuyang'ana nthawi yaitali. Munthu wolongolola uja sanakuwe, sanatukwane.

"Zumu? Ukwati wanga anajambula ndi iyeyo." Mnzake wa pa unyolo anamukoka, ndipo anakwera chobwerera m'mbuyo, akumuyang'anabe. "Muuzeni mkazi wanga atenge ana apite kwa amayi ake. Asamadzivutitse kubwera kuno."

Chitseko chachitsulo chinatsekedwa, galimoto inatuluka pa geti la kuseri.

Sajeni anazungulira nyumbayo pang'onopang'ono. Mkazi wa dalaivala anali pa benchi, kambale ka chakudya kokulunga m'nsalu kali pamiyendo, asakudziwa kuti galimoto yapita kale. Ataona Sajeni anadzambatuka, maso odzaza funso. Sajeni anakhala pa benchipo, namukoka dzanja kuti akhalenso.

Mayiyo anamuyang'ana nkhope, nayang'ana fumbi limene linali lisanakhazikike ku geti. Anamasula nsalu ya pa kambale kaja, n'kuimanganso, mfundo yolimba kuposa poyamba.

"Ku rimandi amalola kuona anthu tsiku liti?" anafunsa.

"Lamlungu," anatero Sajeni. "Muzilawirira. Mzere wake umakhala wautali."